Kutaya magazi atachira: nkhani ya mayi wa mimba yachisanu ndi chimodzi

Lipoti ili ndi la mayi wa zaka 33 amene anataya magazi kwambiri atangochira pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, kenako n'kutumizidwa ku chipatala cha boma kumene ndimagwira ntchito ya udokotala, m'chigawo chapakati. Moyo unapulumuka, koma chiberekero tinachotsa. Ndalembera anzanga a m'mawodi a amayi, makamaka amene mumalandira mafoni a usiku ochokera ku zipatala zazing'ono. Mayina a anthu ndi a zipatala ndawasiya dala.

Mbiri yake

Ana asanu oyamba onse anabadwa popanda opaleshoni ndipo onse ali moyo. Woyamba anabadwira kwa azamba a kumudzi cha m'ma 2007, chaka chimene boma linaletsa azambawa kubereketsa, ndipo enawo anabadwira kuchipatala. Atachira mwana wachisanu anataya magazi mpaka kuikidwa dripi, koma kabuku ka kuchipatala ka nthawi imeneyo kananyowa ndi mvula n'kutayidwa. M'kabuku katsopano munalibe mawu alionse okhudza zimenezi. Ife tinazimva kwa mayi ake zonse zitachitika kale.

Sikelo anayamba mimba ili ndi miyezi 6. Hb, muyeso wa kuchuluka kwa magazi m'thupi, inali yotsika, 8.9 g/dl. Analandira mapiritsi owonjezera magazi, Fansidar ndi neti. Mapiritsiwo anangomwa masabata ochepa n'kusiya chifukwa ankamuchititsa nseru ndi kudzimbidwa, ndipo Hb sinayezedwenso popeza zipangizo za HemoCue, kamakina koyezera Hb, zinali zitatha pamalopo.

Kumayambiriro kwa Disembala anapita kuchidikiro. Namwino anamulangiza bwino ndithu kuti mimba yachisanu ndi chimodzi, ya munthu wochepa magazi, ndi yokadikirira ku chipatala cha boma. Mayiyo anakana. Bambo a kunyumba anali ku Johannesburg, ana asanu ali pakhomo, chimanga chikufuna kupalira ndi kuthira feteleza. Chipatala chathu chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kuchokera kwawo, pamene kuchidikiro cha pafupicho ana ankatha kumubweretsera ufa ndi nkhuni pa njinga. Ine sindimuona kulakwa. Tikamatumiza mayi kutali osamuuza kuti akadya chiyani kumeneko, malangizo athuwo amathera pakhomo la ofesi.

Usiku wochira

Matenda anayamba madzulo ndipo anayenda mofulumira. Nthawi ili 1:10 usiku anachira mwana wamwamuna wolemera makilogalamu 3.9, yemwe analira pompo. Namwino anabaya oxytocin, mankhwala olimbitsa chiberekero, 10 IU pantchafu mphindi isanathe, nsengwa inatuluka yathunthu, chiberekero chinalimba. Mpaka apa zonse zinachitika monga mwa buku.

Namwinoyo anali yekha usiku umenewo, pamodzi ndi mayi mmodzi wothandiza m'wodi. Posakhalitsa panafika mayi wina mutu wa mwana ukuoneka kale, ndipo namwino anathamangira kumeneko. Patapita mphindi pafupifupi 45, mayi ake a wodwala wathuyu anaima pakhomo n'kunena kuti, "Anamwino, tabwerani mudzamuone mwanangayu. Akuti akumva ludzu, ndipo chitenje ichi n'chachitatu."

BP inali 100/62, mtima ukugunda ka 122 pa mphindi. Apa m'pamene nkhani inatembenukira koyamba. BP ya 100 ambiri timaiona ngati yabwinobwino, timalemba m'faelo n'kupitiriza ntchito zina. Namwinoyu anagawa kugunda kwa mtima ndi nambala yapamwamba ya BP, n'kupeza shock index ya 1.2. Ikadutsa 0.9 mwa mayi wongochira kumene, ndiye kuti magazi apita ambiri. Thupi la mayi woyembekezera limakhala ndi magazi owonjezera ndipo limalimbikira kusunga BP mpaka mochedwa, choncho BP ikamatsika zinthu zimakhala zitafika kale patali. Mtima ndi umene umayamba kuulula.

Kuyeza magazi ndi maso nakonso kumatinamiza, ndipo kawirikawiri timachepetsa. Chitenje chimamwa magazi ngati mchenga wa m'dambo, ndipo cha mitundu yakuda sichionetsa n'komwe. Pansi pamakhala pouma, bedi likuoneka labwino, pamene theka la lita lili m'beseni la gadiyani. Kafukufuku wa E-MOTIVE, amene anachitika m'zipatala 80 za ku Kenya, Nigeria, South Africa ndi Tanzania n'kufalitsidwa mu 2023, anaonetsa zimenezi poyera. Kumene ankagwira ntchito mwachizolowezi ankazindikira pafupifupi theka lokha la amayi otaya magazi. Kumene ankayala pepala la pulasitiki lokhala ndi kathumba ka mizere yoyezera, ankazindikira oposa 90 pa 100 alionse. Atazindikira msanga n'kupereka chithandizo chonse nthawi imodzi, kutaya magazi koopsa ndi zotsatira zake kunatsika ndi 60 peresenti.

Pamalopo panalibe pepala loyezeralo, koma mbali yachiwiriyo namwino anaitsata. Sanayese chimodzi n'kudikira kuti aone. Anatikita chiberekero, chomwe chinali chitafeweratu, mpaka magazi oundana anatuluka, anaika kapaipi ka mkodzo, anabaya mitsempha iwiri, anathira oxytocin 20 IU mu lita ya dripi ya Ringer's lactate, anaika misoprostol, mankhwala enanso olimbitsa chiberekero, 800 mcg pansi pa lilime, n'kuunika ndi tochi ya foni ngati pali pong'ambika. Chiberekero chinkalimba akamatikita, akasiya n'kufewanso. Tranexamic acid, mankhwala othandiza kuti magazi aleke kutuluka, analibe. Nthawi ili 2:10 anandiimbira.

Zimene tinagwirizana pa foni

"Adokotala, ndili ndi PPH, para 6, shock index 1.2, ndapereka zonse zimene ndili nazo. Ndikufuna ambulansi." PPH ndi kutaya magazi kwambiri atachira, para 6 ndi mayi amene wachira kasanu ndi kamodzi. Lipoti lake linali lomwelo, ndipo linali lokwanira. Foni yotere imapulumutsa mphindi zambiri kuposa ija yoyamba ndi malonje.

Funso loyamba linali la tranexamic acid. Kafukufuku wa WOMAN wa mu 2017, wa amayi pafupifupi 20,000 m'mayiko 21, anapeza kuti mankhwalawa amachepetsa imfa za kutaya magazi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu akaperekedwa pasanathe maola atatu mwana atabadwa. Kupitirira pamenepo phindu lake silioneka. Ndinawerengera msewu: mvula inali itagwa, ulendo wopita wokha unali woposa ola, wobwerera chimodzimodzi. Tikanadikira kuti mayiyo afike kwa ife, maola anayi akanakwana. Choncho tinatumiza mankhwala kwa wodwala. Namwino wa m'wodi yathu anakwera ambulansi atanyamula magalamu awiri a tranexamic acid, oxytocin wa m'firiji yathu, ndi chovala chofinya miyendo ndi mimba chija cha NASG. Zinatanthauza kuti wodi yathu yatsala ndi namwino mmodzi kwa maola atatu, ndipo sikuti aliyense anakondwera nazo.

Funso lachiwiri linali la baluni ya kondomu, imene imamangidwa pa paipi, kulowetsedwa m'chiberekero n'kudzazidwa madzi kuti itseke magazi. Namwino anaphunzirapo kuika ndipo zipangizo anali nazo. Ndinamuuza kuti asaike. Njirayi, imene inatchuka kuchokera ku Bangladesh, imathandiza ndithu, koma bungwe la zaumoyo pa dziko lonse lapansi la WHO limailimbikitsa pamalo pamene fiyeta ndi magazi zili pafupi, ndiponso pali anthu okwanira kuyang'anira wodwala. Munthu mmodzi akamamanga kondomu pa paipi, ndiye kuti manja ake achoka pa chiberekero. Komanso baluni imatha kutseka magazi m'kati, panja n'kumaoneka pouma, anthu n'kupumira m'mwamba pamene mayi akutha. Ndinamupempha kuti afinye chiberekero ndi manja awiri, lina m'kati lina pamimba, ndipo akatopa mayi wothandiza m'wodi uja akanikize mtsempha waukulu ndi chibakera pamwamba pang'ono pa mchombo. Anasinthanasinthana motero kwa nthawi yoposa ola. Amene munachitapo zimenezi mukudziwa mmene dzanja limafera pakangotha mphindi khumi.

Ndinamuchenjezanso kuti asathire madzi a dripi mopitirira malita awiri. Mayi woti Hb inali kale 8.9, ukamuthira madzi ochuluka umangosungunula timagazi totsalato ndipo sitiundananso.

Ambulansi inanyamuka 2:35 n'kufika 3:40. Galamu yoyamba ya tranexamic acid inalowa 3:45, patadutsa maola awiri ndi mphindi 35 mwana atabadwa. Yachiwiri anaipereka m'njira patatha mphindi 30, popeza magazi anali asanaleke.

Atafika kwa ife

Anafika 5:10 atavala NASG, manja ndi mapazi zili zii, m'maso ndi m'zikhatho muli mbuu. BP 78/40, mtima ka 138, Hb 4.6. Ankayankha akaitanidwa ndipo ankadziwa kumene ali.

M'firiji ya ku labu munali paketi imodzi yokha yogwirizana ndi magazi ake. Aliyense wogwira ntchito m'chipatala cha boma amaidziwa Disembala. Magazi ambiri amene Malawi Blood Transfusion Service imatolera amachokera kwa ana a sukulu, ndiye sukulu zikatsekera nkhokwe zimaphwa, pa nthawi yomweyo imene malungo akudzaza wodi ya ana ndi tiana tofuna magazi. Paketi imodziyo tinaiyambitsa pompo, ndipo tinatumiza njinga yamoto ku chipatala cha mishoni choyandikana nafe kukapempha ena.

Ndisanalowe naye ku fiyeta ndinamufotokozera mwachidule. "Mayi, chiberekero chanu chikukana kulimba. Tiyesetsa kuchisunga, koma zikakanika tichotsa kuti inu mukhale ndi moyo. Mukuvomera?" Anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Chitani, ana anga akadali aang'ono." Anadinda chala. Mayi ake anagwira dzanja langa n'kuti nkhani ya chiberekero ndi yaikulu, tiyambe tamva kwa amalume ake kapena kwa bambo a ana ku Joni. Ndinawayankha kuti, "Agogo, imbani foni ndithu muwadziwitse, koma ife sitidikira. Mwini thupi wavomera." Mayi wamkulu amene ali ndi nzeru zake amavomera yekha opaleshoni. Ndaonapo maola akutayika pa khonde anthu akusaka netiweki kuti apeze chilolezo cha munthu amene ali kutsidya la malire.

Clinical officer wogonetsa odwala anasankha kumugonetsa ndi ketamine, chifukwa jakisoni wa pamsana akanagwetseratu BP yotsalayo. Tinamasula zigawo za NASG za pamimba zokha, za m'miyendo n'kuzisiya. Poyamba tinaunika kumusi. Pa khomo la chiberekero panali pong'ambika pang'ono pomwe sipankatuluka magazi ambiri, tinasoka. M'kati munalibe zotsalira za nsengwa. Apa tsopano tinaika baluni ya kondomu n'kuthiramo saline 400 ml, popeza mpeni unali pafupi ndipo magazi anali akulowa. Tinagwirizana mokweza, onse akumva, kuti tiipatsa mphindi 15 basi, ndipo namwino mmodzi anapatsidwa ntchito yoyang'ana wotchi. Mphindizo zinatha magazi akudutsabe m'mbali mwa paipi.

Titatsegula pamimba tinapeza chiberekero chachikulu, chotuwa, chofewa, chosang'ambika paliponse. Pochifinya ndi manja magazi ankachepa, choncho tinasoka B-Lynch, ulusi womanga chiberekero kuti chikhale chofinyika, n'kumanganso mitsempha ya chiberekero mbali zonse ziwiri. Tinadikira mphindi 10. Kumusi magazi anali akutulukabe, opyapyala. Magazi amene tinatapa m'kabotolo kuti tione kuundana kwake anadutsa mphindi 7 asanagwirane bwino, chizindikiro choti mphamvu youndana yayamba kutha. BP inali pa 70, paketi imodzi ija inali itatha, njinga yamoto isanabwere. Tinachotsa chiberekero n'kusiya khomo lake ndi mabasiketi a mazira, chifukwa njira imeneyi ndi yachangu ndipo sitayitsa magazi ambiri.

Pa msonkhano wounikira nkhaniyi maganizo anasiyana. Ena anati kwa mayi wa ana 6, Hb ya 4.6 ndi paketi imodzi, B-Lynch inali yongotaya nthawi, tikanangochotsa titangotsegula. Ena anati tikanadikirako pang'ono magazi a ku mishoni. Ine ndimaona kuti chimene chinathandiza si kusankha njira iyi kapena iyo, koma kuti sitepe iliyonse inali ndi malire a nthawi onenedwa isanayambe. Amayi ambiri amene amatisiya pa tebulo amachotsedwa chiberekero ndithu, koma mochedwa, dokotala atayesa ichi ndi icho mpaka magazi kusanduka madzi. Akanakhala mtsikana wa zaka 20 wa mwana woyamba, magazi ali m'firiji, ndikanalimbana nacho nthawi yotalikirapo. Apa panalibe poyambira kutero.

Zotsatira

Mapaketi awiri a ku mishoni anafika cha m'ma 8 koloko m'mawa. Tilibe chipinda cha odwala mwakayakaya, choncho tinamugoneka pa bedi loyang'anizana ndi tebulo la anamwino, akumuyeza mphindi 15 zilizonse poyamba. NASG tinaivula pang'onopang'ono kuyambira ku akakolo, BP itakhazikika kwa maola awiri. Mkodzo unali wochepa, pafupifupi 20 ml pa ola, kwa theka la tsiku, kenako unayamba kubwera bwino ndipo impso zinapulumuka. Analandira maantibayotiki a ceftriaxone ndi metronidazole. Tsiku lachitatu Hb inali 7.1.

Tinkayang'anitsitsa mkaka. Mayi amene BP yake yakhala pansi nthawi yaitali chonchi akhoza kuwonongeka kachiwalo ka pansi pa ubongo kotchedwa pituitary, matenda a Sheehan, ndipo chizindikiro choyamba chimakhala mawere ouma. Mwana tinkamuika kubere kuyambira tsiku loyamba, ndipo mkaka unabwera tsiku lachinayi. Anatuluka tsiku lakhumi ndi mapiritsi owonjezera magazi a miyezi itatu. Ulendo uno tinakhala naye pansi n'kumuuza kuti azimwa atadya, kuti chimbudzi chakuda si matenda, ndiponso kuti nseru ikavuta abwere m'malo mongosiya.

Bambo a kunyumba anaimba kuchokera ku Johannesburg, ndipo mayiyo anapempha kuti ndiyankhule nawo. Atazungulirazungulira anafika pa funso lenileni: kodi m'nyumba zinthu zidzakhalanso ngati kale? Ndinawauza kuti inde, kuti chimene chatha ndi kubereka ndi kusamba basi, mwina timadontho tochepa nthawi zina. Funso limeneli mabanja ambiri amapita nalo kumudzi osalifunsa, ndipo kumeneko amakaliyankha ndi anthu ena. Mayiyo tinamuuzanso kuti popeza khomo la chiberekero lilipo, kuyezetsa khansa ya khomo la chiberekero kukumukhudzabe. Pa masabata 6 Hb inali 9.8, bala litapola, mwana akuyamwa bwino.

Zimene kuunika kunapeza

Titapita ku chipatala chaching'onocho tinapeza oxytocin akusungidwa m'dilowa ya m'chipinda chochirira, pansi pa denga la malata. Mankhwalawa amafuna kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8, ndipo akafooka ndi kutentha kabotolo kake sikasintha maonekedwe. Firiji ya sola inalipo, koma inkaonedwa ngati ya katemera yekha ndipo kiyi ankasunga alangizi a zaumoyo. Chikhalirecho WHO ndi UNICEF ananena kale mu 2015 kuti mankhwala ngati oxytocin akhoza kusungidwa m'firiji za katemera, bola alembedwe bwino ndi kupatulidwa. Uthengawo unali usanayende makilomita 45 omalizawo. Palinso carbetocin wosaopa kutentha, amene kafukufuku wa mu 2018 m'mayiko 10 anaonetsa kuti amateteza kutaya magazi mofanana ndi oxytocin, koma m'mashelefu a zipatala zathu zazing'ono ine sindinamuonemo.

Ntchito ya uchembere wabwino pa dziko lonse lapansi inayambika pa msonkhano wa ku Nairobi mu 1987, ndipo kuno kwathu yabala zipatso zooneka. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lino, DHS, wa 2004 anapeza imfa za amayi 984 pa ana 100,000 obadwa amoyo, wa 2010 anapeza 675, wa 2015-16 anapeza 439, ndipo pofika nthawi imeneyo amayi 91 pa 100 alionse ankachirira kuchipatala. Mafumu, alangizi ndi nyumba za chidikiro anachita mbali yawo. Cholinga cha mayiko onse n'choti pofika 2030 nambalayi ikhale pansi pa 70. Koma taonani mayi uyu. Pa kuchedwa kutatu kumene ofufuza Thaddeus ndi Maine anafotokoza mu 1994, kuchedwa kuganiza, kuchedwa kufika ndi kuchedwa kuthandizidwa, iye sanachedwe kuganiza zopita kuchipatala ndipo sanachedwe m'njira, anali kale pakhomo pathu masabata awiri matenda asanayambe. Kuchedwa konse kunali kwa m'kati mwathu: Hb yosabwerezedwa, namwino mmodzi pa amayi awiri, mankhwala a m'dilowa, paketi imodzi ya magazi. Tinawaitana amayi kuti abwere, ndipo anabwera.

Zimene zinamupulumutsa zinachokera ku kafukufuku wa mayiko ambiri, ndipo ine sindili m'gulu la onyoza ntchito za mabungwe akunja. Chimene ndimadandaula n'choti thandizo lawo limakonda maphunziro a kuhotela, pamene zimene zimasowa 2 koloko usiku ndi zinthu zotha: dizilo, zoyezera Hb, timabotolo ta tranexamic acid. Mapepala oyezera magazi tinalandirapo kuchokera ku bungwe lina, anagwira ntchito bwino kwambiri, ndipo pulojekiti itatha nawonso anatha.

Pambuyo pa msonkhanowo tinasintha zinthu zingapo. Oxytocin tsopano ali m'bokosi lakelake m'firiji ya sola, ndipo namwino wa usiku ali ndi kiyi. Chipatala chaching'ono chilichonse m'dera lathu chimasunga magalamu awiri a tranexamic acid m'bokosi la PPH, ndipo ambulansi yopita kukatenga mayi wotaya magazi simanyamuka yopanda NASG. Kusikelo, mayi aliyense amafunsidwa mwachindunji ngati anaikidwapo dripi kapena magazi atachira, chifukwa funso loti "munavutikapo?" ambiri amangoyankha kuti ayi. Poti mapepala oyezera kulibe, zitenje zonyowa timaziika pa sikelo ya ana n'kuchotsera kulemera kwa chitenje chouma, galamu imodzi kuwerengedwa ngati mililita imodzi. Zikafika 500, kapena 300 mtima ukuthamanga, chithandizo chonse chimayamba nthawi imodzi. Magadiyani timawauza mayi akangochira kuti chitenje chachiwiri chikanyowa aitane, asachape kapena kubisa m'beseni.

Nkhani ya namwino wachiwiri wa usiku tinailembera ku ofesi, ndipo yankho linali loti malo alipo koma anthu oti alembedwe ntchito sanavomerezedwe. Pa chipatala chija usiku amagonerabe namwino mmodzi.